Tsiku Limene Aiguwana Anagwa M'mitengo

Chisanu chinafika ku Miami Lachiwiri m'mawa, ndipo anthu a ku Sweetwater anatuluka m'nyumba atavala chilichonse chimene manja anagwira. Wina tawulo m'khosi, wina masokosi m'manja, mayi wokazinga nthochi pakona uja atavala chipewa chofiira cha Khirisimasi mu Januwale. Anthu obadwira kotentha ife, tikangoona nthunzi ikutuluka pakamwa timayesa dziko latha.

Mayi wina, Chilo, analibe nthawi yoseka zovala za anthu. Mtima wake unali pa bambo ake, a Remigio, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu mphambu zinayi, amene anakawatenga kwawo ku Chinandega, ku Nicaragua, mayi ake atangomwalira. Miyezi yoyamba ankadya uku akunyoza: nyemba zakuno zikununkha chitini, mpunga ulibe fungo, khofi ndi madzi otsukira makapu. Kenako anasiya kunyoza, ndipo Chilo anachita mantha, pakuti a Remigio akasiya kunyoza ndiye kuti zinthu zavuta. Masabata atatu tsopano ankangolawa masupuni awiri n'kukankha mbale. Tsiku lonse ali ndwii pampando wa pazenera. Ukati, "Bambo, mawa ndikuphikireni chiyani?" ankangokupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche. Chimwalirireni akazi awo, mawu akuti mawa sanatulukenso pakamwa pawo.

Dokotala sanapsatire mawu. Anati akawakweza pasikelo Lachiwiri limeneli n'kupezeka atsikanso, awagoneka m'chipatala, chakudya chizilowera m'kapaipi ka m'mphuno. Chilo ankawadziwa bambo ake. Munthu ameneyo kungomuika kapaipi, pakhomo la chipatala sadzatulukanso ndi miyendo yake.

Chakudya chimodzi chokha ndicho ankachitchula, nachonso ali m'tulo: pinol wa iguwana, msuzi wokhuthala uja wa ufa wa chimanga chokazinga, wothira madzi a lalanje wowawasa. Kwawo ku Nicaragua a Remigio anali mlenje wa aiguwana wodziwika chigawo chonse, wa nsungwi yaitali yokhala ndi khwekhwe kunsonga. Chilo anayesapo kuwanyengerera.

"Bambo, kuno zibuluzi zimenezo zili mbwee. Boma la Florida silifuna n'kuziona komwe. Akuti si zakuno, zikuwononga, munthu aphe tsiku lililonse limene wafuna."

"Januwale ndi veda," anatero a Remigio osatembenuka. "Akunamiza."

Veda ndi miyezi ija kwawo amaletsa kusaka aiguwana chifukwa aakazi amakhala ndi mazira. Ali mnyamata a Remigio anagwidwa ndi thumba lodzadza nthawi ya veda, apolisi n'kuwaimika pakati pa msika, mtsikana amene ankamufunsira, yemwe anadzakhala mayi ake a Chilo, akuonerera. Manyazi a tsiku limenelo anawalumbiritsa, ndipo zaka makumi asanu ndi limodzi sanakhudzenso iguwana mwezi woletsedwa. Ndiye nkhani inathera pomwepo. Komanso akanagwira ndani? Mchimwene wake wa Chilo, Anselmo, amakhalira kuyendetsa malole kutali, ndipo Chilo mwiniwake kabuluzi ka pakhoma kokha kamamukweza patebulo.

M'mawa umenewo anawaveka bambo ake majuzi awiri ndi jekete, nawakhazika kumpando wakumbuyo kwa galimoto yake yotopa ija, yopanda buti yapadera, imene katundu amangokhala kuseri kwa mipando. Anatsegula hita mpaka pamapeto. Nkhalamba inatseka maso. Anadzera kaye kwa mlamu wake Fermina, mkazi wa Anselmo, amene analonjeza kuwaperekeza kuchipatala.

Anamupeza Fermina kuseri kwa nyumba, pafupi ndi ngalande, atavala chijasi cha mwamuna wake, akuvina ndi tsache.

"Alamu, tabwerani mudzaone! Mulungu wayankha!"

Pansi pa mtengo wa mango panali aiguwana lambalamba, ena chagada miyendo m'mwamba, ena chafufumimba, onse ali gwa. Akuyang'ana choncho, wina anapulumuka panthambi n'kugwa phi! pafupi ndi phazi la Chilo. Chilo anadumpha n'kukagwira chingwe choyanikira zovala.

"Musaope, afa! Chisanu chawatha!" Fermina anafuula akuseka. "Zaka zitatu akundidyera maluwa, akundiipitsira pakhonde, akundikumbira pansi pa mpanda. Lero ndi ine ndi iwo. Taonani mbava iyi!"

Ananyamula chachikulu kwambiri, chachimuna, chofiirira ngati papaya wakupsa, chokhala ndi chikhungu cholendewera pakhosi. Anachifukata ngati khanda n'kuchiimbira nyimbo yogonetsa. Kenako anachiika pakhutu. "Halo? Inde, ndi kumanda kuno. Tumizani enanso, malo alipo."

Chilo anaseka mpaka misozi, koyamba m'masabata atatu. Ali mkati moseka, ganizo linamufika. Anayang'ana aiguwana, anayang'ana kumene kunali galimoto, anayang'ana mlamu wake. Fermina anali atafika kale komweko.

"Pinol," anatero onse awiri pamodzi.

"Koma bambo sadya nyama yofa yokha," Chilo anatero.

"Adziwa bwanji? Tidzati Anselmo anawombera asanachoke. Akangomva fungo la chimanga chokazinga, za veda adziiwala."

"Ine ndinamva kuti ena amadzuka kukatentha."

"Tianato, alamu, tianato ndi timene timadzuka. Awa ndawakwapula ndi tsache, ndawatsegula zikope, uyu ndamutukwanira mayi ake omwe. Wayankha? Awa afa zenizeni."

Anatola asanu ndi awiri onenepa bwino. Kunena zoona anatola Fermina, Chilo anangogwira dengu lochapira atatembenuzira nkhope kumbali. Analiika kuseri kwa mpando wa a Remigio, amene anali akuwodzera. Ndipo pofuna kuti nkhalamba isaone, Fermina, mayi wanzeru zake, anavundikira dengulo ndi bulangete lake laubweya lija.

Abale inu, bulangete. M'galimoto yotentha ngati uvuni wa buledi.

Msewu wopita kuchipatala unali wothina, magalimoto akuyenda pang'onopang'ono. Fermina anali pakati pa nkhani ya mkazi wa m'busa ndi mano ake atsopano pamene kumbuyo kunamveka mawu.

"Muno mukununkha iguwana."

Chilo anatsala pang'ono kusiya chiwongolero. Masiku anayi bambo ake anali asanalankhule chiganizo chathunthu.

"Ndi jasi la Anselmo, apongozi," Fermina anayankha msanga. "Silinachapidwe."

"Jasi la Anselmo ndi lalimuna, ndipo ladya maluwa," anatero a Remigio maso ali chitsekere.

Chilo anakweza maso pagalasi loonera kumbuyo kuti aone nkhope ya bambo ake. Anaona diso. Diso lopanda nsidze, losaphethira, pamwamba penipeni pa chipewa chawo. Chachikulu chija chinali chitatsamira pampando, chikuyang'ana msewu ngati munthu amene walipira ulendo.

"Alamu," Chilo ananong'ona, "amene munamutukwanira mayi ake uja."

"Watani?"

"Wabwera kudzayankha."

Zimene zinachitika kenako aliyense amazifotokoza mosiyana. Bulangete linafufuma n'kuyamba kuyenda lokha. Mchira unamukwapula Fermina pakhutu, thyapu! ndolo n'kuuluka. Wina anathamanga padenga la galimoto, zikhadabo zikung'amba nsalu, n'kugwera pachifuwa pa Chilo. Wina anakakhala kutsogolo pagalasi, pambali pa kafano ka Mayi Maria, akugwedeza mutu. Wina analowa m'chikwama cha Fermina mutu wokha, matako ali panja.

"Mayo ine! Ndafa! Imani, alamu!"

"Ndiime pati? Chotsani ichi!"

"Ndichotse ndi chiyani? Nanenso ndili nacho changa!"

Chilo anakhotetsera galimoto pakapinga m'mbali mwa ngalande, mawilo akudumpha, mahutala akulira kumbuyo. Azimayi awiri anatuluka ngati aponyedwa, aliyense n'kumenyetsa chitseko chake kuti zilombo zisawatsatire. Anathamanga mpaka pamtengo wa magetsi, n'kukumbatirana akupuma wefuwefu. Fermina nsapato imodzi inali itatsala m'galimoto.

Apa m'pamene Chilo anakumbukira.

"Bambo! Tawatsekera bambo!"

Galimoto inkagwedezeka yokha. Magalasi onse anali atachita nkhungu, m'kati simunkaoneka kanthu koma mchira wina ukudutsa, dzanja, mchira winanso. Kenako kunamveka phokoso lokhala ngati munthu akubanika. Chilo anakuwa. Wawapha bambo ake, wawapha ndi manja ake, ndi hita ndi bulangete. Anathamanga akulira, mantha a abuluzi atawaiwala, n'kutsegula chitseko chakumbuyo.

A Remigio ankaseka. Chipewa chili pansi, jekete atavula, tsaya likutuluka timagazi, akuseka mpaka nkhama zonse poyera. Chachikulu chija anali atachipana pakati pa maondo, dzanja limodzi pakhosi, lina patsinde la mchira. Awiri anali kale pansi, miyendo itamangidwa kumsana ndi zingwe za nsapato zawo.

"Tseka chitseko, chitsiru iwe, athawa! Ayi, dikira. Ndipatse zingwe za nsapato zako. Mpongozi, bweretsa lamba wa chikwama. Changu!"

"Bambo, mwavulala!"

"Ndavulala chiyani? Uyu ndi mwana. Ndinagwirapo agogo ake a agogo ake. Taona mafuta ali m'mchiramu! Amadya chiyani ameneyu?"

"Maluwa anga," anatero Fermina akupereka lamba kudzera pazenera.

Chachikulu chija ndi wachinayi anamangidwa ndi zingwe za Chilo, wachisanu ndi lamba wa Fermina, wachisanu ndi chimodzi ndi chingwe chotchajira foni. Wotsiriza, wobiriwira bwino, amene anabisala pansi pa mpando, a Remigio anamukoka pang'onopang'ono n'kumufukata m'khwapa chifukwa zingwe zinali zitatha. Manja amene dzulo lake ankalephera kugwira supuni sankanjenjemera n'komwe. Anatuluka m'galimoto okha, osagwiridwa, n'kundandalika akaidi awo pakapinga.

Pomwepo kumbuyo kwawo kunaima galimoto yoyera yokhala ndi nyali padenga. Munatsika mtsikana wamtali wa yunifolomu, wa ofesi yoyang'anira nyama zakutchire, mfuti m'chiuno.

Kuseka kwa a Remigio kunazima. Chilo anaona nkhope yawo ikubwerera pamsika uja wa kalekale. Nkhalamba inaimirira njo, iguwana ali m'khwapa, n'kutambasula dzanja lotsalalo.

"Bwana, mangani ine. Anawa alibe mlandu. Ndikudziwa kuti ndi veda."

Mtsikanayo anayang'ana aiguwana omangidwa ndi zingwe za nsapato, anayang'ana Fermina wa nsapato imodzi, n'kuluma mlomo wam'munsi. Atalankhula, kalankhulidwe kake kanali ka ana a anthu a ku Cuba, komeza mawu kumapeto.

"Veda yake iti, agogo? Kuno iguwana alibe veda. Si wakuno, satetezedwa. Chaka chonse n'chanu."

"Chaka chonse?"

"Chonse."

"Januwale?"

"Januwale yemwe."

"Lachisanu Loyera?"

"Ngakhale Khirisimasi, agogo. Bola mwini malo avomere."

"Mwini malo ndine!" Fermina anakweza dzanja ngati ali m'kalasi. "Ndavomera, ndipo ndikuthokoza."

A Remigio anatembenukira kwa mwana wawo. "Ndiye bwanji sunandiuze?"

"Bambo! Ndakuuzani kangati?"

"Iwe ulibe yunifolomu."

Mtsikana uja anakhosomola kuti abise kuseka, kenako anaumitsa nkhope. "Koma pali ziwiri zimene simungachite. Kuyenda nawo amoyo m'galimoto, ayi. Kukawamasula kwina, ayinso. Mukawagwira muziwapha pomwepo, mwachangu, osawazunza."

"Anali akufa, bwana," Fermina anatero. "Ndikulumbira. Ndinawatsegula zikope."

"Munatsegulanso hita?"

"Ndi bulangete," Chilo anavomera akuyang'ana pansi.

"Ndinu achitatu m'mawa uno. Lero ndikungokuchenjezani, koma ntchito ithere pano ine ndikuona."

A Remigio anaitanitsa sipanala ya matayala. Anagwada, n'kuchita ntchitoyo mmene anaiphunzirira kwa bambo awo: kamodzi kokha pamutu, aliyense atayamba wamuuza kuti, "Pepani, achimwene." Azimayi anayang'ana kumsewu. Asanu ndi mmodzi anatha mosakhalitsa, mtsikana wa yunifolomu akugwedeza mutu kuvomereza.

Anatsala wa m'khwapa uja. A Remigio anamutembenuza, n'kumusisita pamimba ndi chala chachikulu.

"Uyu ndi mayi," anatero. "Ali ndi mazira."

"Amenewo ndiwo sitikuwafuna kwenikweni, agogo."

"Ndamva, bwana. Lamulo ndi lamulo."

Anaweramira sipanala. Ndipo mlenje wa ku Chinandega, amene moyo wake wonse sanapulumutsepo ngakhale mchira, munthu amene wangogwira kumene zilombo zisanu ndi ziwiri m'galimoto yotseka, khwapa lake linamasuka. Iguwana anatera pakapinga, anaima kamphindi ngati sakukhulupirira, kenako liwiro la mtondo wadooka mpaka m'ngalande, thubvu!

"Agogo," anatero mtsikana uja.

"Ukalamba, bwana. Chisanu chandilowa m'mafupa. Taonani mmene dzanjali likunjenjemerera." Anakweza dzanja n'kuligwedeza mwamphamvu, molakwitsa n'kugwedeza lina lomwe silinagwire kanthu.

Mtsikanayo anayang'ana m'ngalande nthawi yaitali, mapewa ake akugwedezeka. "Amene wathawa yekha sindingamulembe," anatero. "Koma tsiku lina chisanu chisadzalowenso m'khwapa. Mwamva, agogo?"

"Ndamva, bwana. Mumadya pinol?"

"Ndili pantchito."

"Mwaluza."

Galimoto yoyera itachoka, Chilo anayang'ana nthawi n'kugwira mutu. "Bambo, tachedwa kuchipatala."

"Chipatala chake chiti? Nyama iwonongeka. Tembenuza galimoto. Ndipo uzime chimoto chakochi, ufuna kutiphika?"

Chilo anaimba foni n'kupempha kuti awasunthire Lachisanu. Mayi wa kuchipatala anafunsa chifukwa. Chilo anati bambo atanganidwa, ndipo atangotero iye ndi Fermina anayambanso kuseka mpaka foni inagwera pansi.

Masana onse khitchini ya Chilo inali ya a Remigio. Anasenda okha nyama pakhonde, anakazinga okha chimanga m'chiwaya, akunyoza chilichonse. Mpeni ndi wobuntha ngati chipande. Mbaula yamagetsi ndi ya anthu aulesi. Malalanje amene Fermina anakagula ndi otsekemera, kodi mpongozi ameneyu sadziwa kusiyanitsa lalanje wowawasa ndi switi? Fermina anabwereranso kusitolo akung'ung'udza, koma pakhomo anamutsinzinira Chilo diso. Chilo ankangoti, "Inde, bambo, pepani, bambo," mtima ukuvina. Kunyozedwa sikunamukomerepo chotere chibadwire.

Dzuwa likupendeka anakhala patebulo. Chilo sanafune kuwayang'anitsitsa, koma ankawerenga. Supuni yoyamba. Yachiwiri. Apa ndi pamene mbale inkakankhidwa masiku onse, ndipo Chilo anagwira mpweya. Yachitatu inalowa. Yachinayi. Anasiya kuwerenga pamene bambo ake ananyamula fupa la mchira n'kuyamba kuliyamwa, msuzi ukutsikira m'chigongono.

"Mchere wachepa," anatero akupereka mbale kuti awaonjezere.

Mbale yachiwiri itatha anapukuta ndi chala, n'kutsamira. Anayang'ana pazenera lomwe lija, koma tsopano ankayang'ana nsonga za mitengo ya tsidya la msewu.

"Mpongozi, pakhomo pako pali nsungwi?"

"Pali chipaipi chachitali cha pulasitiki, apongozi."

"Chichita. Chilo."

"Bambo?"

"Mawa kuzizira?"

Chilo anaika chipande pansi bwinobwino. Misozi inangoyamba yokha, yambiri, ikugwera patebulo, ndipo sanaipukute.

"Nanga ukulira chiyani? Ndafunsa za mawa. Ngati kuzizira undidzutse m'mamawa, tisanapitiriridwe ndi anthu a ku Honduras, nawonso amadya iguwana. Ndipo hita ija usayatse."